Kalata yotseguka kwa akuluakulu a mpira wa m'makoleji ku America: masewero a bowl mukuwafooketsa ndinu

Kwa akuluakulu a NCAA, bungwe loyendetsa masewero a m'makoleji, a komiti ya College Football Playoff, makomishinala a maligi a SEC, Big Ten, Big 12 ndi ACC, komanso eni ake a masewero a bowl,

Zikomo akuluakulu, ndiloleni nane ndiyankhulepo.

Ine pa mpira wanu uno ndine mlendo. Ndinakulira ku Malawi, kumene mpira timaumenya ndi phazi, ndipo uwu wa zipewa zolimba ndi mapewa otukumuka ndinaudziwira kuno ku South Bend, m'chigawo cha Indiana, kumene Amalawi tilipo ambiri ndithu. Munthu sungakhale mumzinda uno osaudziwa mpirawu. Loweruka limene timu ya yunivesite ya Notre Dame ikusewera pakhomo misewu imadzaza kuyambira m'mawa, utsi wa nyama yowotcha uli tolotolo m'malo oimika magalimoto. Koma chimene chinandilowetsa kwenikweni ndi mwana wanga wamkazi, amene amaimba lipenga mu bandi ya yunivesite ina yaing'ono ya mu ligi ya Mid-American Conference (MAC). Kwathu amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, choncho musanyoze mawu anga poona kumene ndachokera.

Chaka chilichonse ikafika Disembala, pa wailesi ndi pa kanema pamabuka funso lomwelomwelo, lakuti kodi masewero a bowl akadali ndi ntchito. Kwa abale akumudzi amene akuwerenga kalatayi, bowl ndi masewero amodzi amene timu ya pakoleji imaitanidwako ligi ikatha, kawirikawiri ikakhala kuti yapambana masewero 6 mwa 12 amene yasewera. Amachitikira mumzinda wina, pa bwalo losakhala la timu iliyonse mwa awiriwo, pakati pa Disembala ndi masiku oyambirira a Januwale. Alipo pafupifupi 40. Kuyambira mu 2024, matimu 12 okha ndi amene amalowa mu playoff, ndime ya chipulula yolimbirana ukatswiri wa dziko lonse, ndipo anthu ambiri akuti masewero ena onse otsalawo ndi ongotaya nthawi. Ine ndikuti ntchito ali nayo, yaikulunso. Ndipo ngati akuoneka ofooka lero, amene mwawafooketsa ndinu, osati anyamata amene mumawaloza chala.

Ndiyambe ndi zimene ndinaona ndi maso anga. Chaka china timu ya sukulu ya mwana wangayu inapeza chipambano chake cha nambala 6 usiku wa Lachiwiri mu Novembala, kukuzizira koti zala sizimapindika, pabwalo pali anthu owerengeka. Usiku womwewo anandiimbira foni akulira, mawu osamveka bwino chifukwa anzake amakuwa kumbuyo. "Adadi, tikupita! Tikupita ku bowl!" Bowl yake inali ya ku Detroit, tsiku lotsatira Khirisimasi. Ine ndi mayi ake tinadzuka mbandakucha, tiyi mu fulasiki, n'kuyendetsa galimoto maola atatu ndi theka. Mipando yam'mwamba inali yopanda anthu, zimenezo sindingabise. Koma masewero atatha, anthu akutuluka, ndinaona mnyamata wina wamkulu thupi, mmodzi wa aja amaima kutsogolo n'kumatchinga anzawo, amene dzina lawo silitchulidwa pa kanema. Anakhala pansi pakati pa bwalo, anavula chipewa chake n'kuchiika pamiyendo, n'kumangochisisita. Anzake anamudutsa, wina anamugwira paphewa, iye osadzuka. Patapita nthawi anayenda mpaka kumpanda kumene kunaima mayi wina wovala jezi ya nambala yofanana ndi yake. Mayiyo anamugwira mutu ndi manja awiri monga amagwirira khanda. Mwana wanga anadzandiuza kuti chinali chaka chake chomaliza, ndipo chipewa chimene chija sadzavalanso moyo wake wonse.

Anyamata ngati ameneyu ndiye ambiri, akuluakulu. Masukulu a gawo lapamwamba alipo oposa 130, ndipo timu iliyonse ili ndi osewera pafupifupi 100. Draft ya NFL, mwambo umene matimu a ligi yaikulu ya osewera olipidwa amasankhira osewera ochokera m'makoleji, imatenga anthu 250 ndi owonjezera pang'ono pachaka. NCAA yanu yomweyo imanena kuti osewera amene amafika ku NFL sakwana awiri pa 100 alionse. Enawo akamaliza amakakhala aphunzitsi, apolisi, ogulitsa inshulansi, oyendetsa mathiraki. Mpira uwu suli ngati wathu wa kumudzi woti bambo wa zaka 40 akhoza kukasewerabe Lamlungu masana ndi anzake. Ukavula chipewa komaliza ndiye kuti basi. Bowl ndi tsiku lotsanzikana ndi chinthu chimene mwanayo wakhala akuchita kuyambira ali ndi zaka 7 kapena 8. Kwa ena ndi ulendo woyamba kuona nyanja yamchere, kapena kugona mu hotelo masiku anayi popanda kuganiza za mayeso. Kwa achichepere amene chaka chonse amakhala pa benchi, ndi milungu iwiri kapena itatu ya mapulakatisi owonjezera, ndipo ambiri amasewera koyamba masewero athunthu tsiku limenelo. Onjezanipo a bandi, ochemerera ovina aja, ana asukulu onyamula madzi ndi kumanga mabandeji. Pamene mukunena kuti masewerowa alibe tanthauzo, dziwani kuti mukuwerenga anthu 250 n'kusiya zikwizikwi.

Mbiri yake mukuidziwa kuposa ine, komabe ndikukumbutseni. Pa 1 Januwale 1902 ku Pasadena, California, pa masewero oyamba a bowl imene lero imatchedwa Rose Bowl, Michigan inathidzimula Stanford 49 kwa 0, ndipo okonza chikondwerero cha maluwa anakhumudwa mpaka anasiya mpira kwa zaka zoposa khumi, n'kudzauyambiranso mu 1916. Kuyambira pamenepo Rose Bowl sinaime. Ngakhale Pearl Harbor ataiphulitsa mu Disembala 1941, boma likuopa kusonkhanitsa khamu la anthu m'mbali mwa nyanja ya Pacific, masewerowo anangowasamutsira ku Durham, North Carolina, kumene Oregon State inagonjetsa Duke 20 kwa 16. Orange Bowl, Sugar Bowl ndi Sun Bowl zinayamba mu 1935, Cotton Bowl mu 1937. Nthawi yonseyo kunalibe playoff. Kunalibe mpaka 2014. Kodi anthu a zaka zonsezo ankaonera zinthu zopanda tanthauzo?

Masewero amene anzanga a kuntchito anandionetsa pofuna kuti ndiukonde mpirawu sanali olimbirana ukatswiri ayi. Anali Fiesta Bowl ya pa 1 Januwale 2007, Boise State ndi Oklahoma. Boise State inali timu yochokera ku ligi yaing'ono, ku Idaho, ndipo ambiri ankati ikupita kukaphedwa. Anasewera mpaka nthawi yowonjezera. Oklahoma itatsogola, Boise State inagoletsa, ndipo mmalo momenya mpira wa pointi imodzi kuti afanane, mphunzitsi wawo anaganiza zothetseratu nkhani pomwepo poyesa kupeza mapointi awiri. Quarterback, wosewera amene ntchito yake ndi kuponyera anzake mpira, ananamizira kuponya kumanja, mpira ataubisa kumbuyo ndi dzanja lamanzere, Ian Johnson n'kuutenga n'kuthawira nawo kumanzere kopanda munthu. Zinathera 43 kwa 42. Johnson yemweyo, kamera ili pa iye, anagwada n'kufunsira ukwati chibwenzi chake chimene chinali m'gulu la ochemerera. Papita zaka zambiri, anthu akukambabe za usiku umenewo, ndipo ambiri mwa iwo akhoza kukanika kukuuzani amene anatenga ukatswiri chaka chimenecho.

Tsono tibwere pa anyamata amene amakana kusewera, poti ndi pamene mumakonda kuimapo. Mu Disembala 2016 Christian McCaffrey wa Stanford anati sasewera Sun Bowl, Leonard Fournette wa LSU anati sasewera Citrus Bowl, onse pokonzekera draft. Ananyozedwa kwambiri, ena kuwatchula odzikonda, othawa anzawo. Koma anyamata amenewa anali ndi maso. Chaka chisanathe m'mbuyomo, pa 1 Januwale 2016, Jaylon Smith wa Notre Dame, mwana wa kuno ku Indiana wochokera ku Fort Wayne, anaduka mitsempha ya bondo mu Fiesta Bowl posewera ndi Ohio State. Akatswiri ankamuika pakati pa osewera oyambirira kusankhidwa mu draft. Anadzasankhidwa pa nambala 34 ndi Dallas Cowboys, ndipo kusiyana kwa malo amenewo ndi madola mamiliyoni ambiri. Patangopita masiku ochepa McCaffrey atalengeza zake, Jake Butt wa Michigan, amene anali atangolandira mphotho ya wosewera wabwino koposa pa malo ake, anaduka mtsempha wa bondo mu Orange Bowl. Anatsika mpaka ndime yachisanu ya draft. Nthawi imeneyo osewera sankaloledwa kulandira malipiro chifukwa chosewera. Amene ankapita ku bowl ankapatsidwa mphatso, wotchi, mahedifoni, khadi logulira zinthu m'sitolo, ndipo malamulo anu ankati mphatso za eni bowl zisapitirire madola 550. Mnyamata woti banja lonse likuyang'ana kwa iye, mayi ake akugwira ntchito ziwiri, mumafuna aike bondo lake pachiswe chifukwa cha wotchi? Ine ndine kholo, ndikanakhala bambo wake ndikanamuuza kuti akhale pansi.

Nanga amene anayamba kuthawa masewerowa ndani? Si ana. Mu Disembala 2009 Cincinnati inali itapambana masewero onse 12, ikuyembekezera Sugar Bowl, pamene mphunzitsi wake Brian Kelly anaisiya n'kubwera kuno ku Notre Dame. Mu Novembala 2021 bambo yemweyo anachoka kuno kupita ku LSU, timu ili ndi mwayi woti mwina ikhoza kulowa mu playoff. Mlungu womwewo Lincoln Riley anachoka ku Oklahoma kupita ku USC. Kumapeto kwa Novembala 2025 Lane Kiffin anachoka ku Ole Miss kupita ku LSU timu yake ikulowa mu playoff yeniyeniyo. Sindikuwaweruza anthu amenewa paokha, chifukwa kalendala imene imawakakamiza kusamuka nthawi imeneyo munaikonza ndinu. Kuyambira mu 2017 munaika tsiku losainitsa ana ochokera ku sekondale mu Disembala, ndiye sukulu iliyonse yofuna mphunzitsi watsopano imayenera kumupeza Disembala isanayambe. Transfer portal, kaundula amene osewera ofuna kusamukira ku sukulu ina amalembetsamo, itabwera mu 2018, munadzaika nthawi yake yotsegulira mu Disembala momwemo, masiku ochepa ma bowl asanayambe. Kwathu timati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Kuno zatembenuka, nkhuyu mwadya ndinu akuluakulu, koma amene zikuwapota ndi ana, ndipo mukuwadzudzulanso kuti akubuula.

Zotsatira zake tonse tinaziona. Mu 2023 Florida State inapambana masewero onse 13, n'kutenga ukatswiri wa ACC. Quarterback wawo Jordan Travis anali atathyoka mwendo mu Novembala, ndipo komiti yanu inati popanda iye timuyo siyoyenera kukhala m'gulu la matimu anayi amene ankalowa mu playoff nthawi imeneyo. Munawauza anyamata amene sanagonjepo kuti kupambana kwawo sikukwanira, kenako munawatumiza ku Orange Bowl kuti akasewere mwaulemu. Oposa 20 sanasewere, ena za draft, ena za portal, ena kuvulala. Georgia inawaswa 63 kwa 3, kusiyana kumene sikunaonekepo mu mbiri ya ma bowl. Chaka chotsatira Marshall inatenga ukatswiri wa Sun Belt, mphunzitsi wake Charles Huff n'kusamukira ku Southern Miss, osewera ambirimbiri n'kulowa mu portal, mpaka sukuluyo inalengeza kuti ilibe anthu okwanira kukasewera Independence Bowl ku Shreveport. Army, timu ya sukulu ya asilikali imene imayenera kusewera nayo ndipo inali ndi chaka chabwino kwambiri, inapatsidwa Louisiana Tech, timu yopambana masewero 5 okha, yoitanidwa mwadzidzidzi ana atabalalika kale kupita ku tchuthi. Ndipo mu Disembala 2025 Notre Dame, itapambana masewero 10 mwa 12 n'kusiyidwa kunja kwa playoff, inati sipita ku bowl iliyonse. Kuno mumzinda anthu anagawikana, m'masitolo ndi m'matchalitchi momwe. Ine ululu wawo ndinaumvetsa. Chimene chinandiwawa n'chakuti zinthu mwazifikitsa poti timu yopambana masewero 10 ikaitanidwa ku bowl imaona ngati yapatsidwa chilango.

Ndiyamikire pamene mwachita bwino. Kusuntha nthawi ya portal kupita ku Januwale, monga munachitira kuyambira mu 2026, kunali koyenera. Kulola kuti wosewera wachichepere asewere bowl popanda kutaya chaka chake cha redshirt, chimene sichiwerengedwa pa zaka zimene amaloledwa kusewera, kunalinso kwanzeru. Koma mwakonza denga mbali imodzi, mvula ikulowabe. Tsiku losainitsa ana a sekondale likadali mu Disembala, ndiye aphunzitsi akusamukabe nthawi yomwe ija, ndipo mwana amene mphunzitsi wake wachoka amayamba kulongedza mumtima ngakhale portal isanatsegulidwe. Bwezani tsikulo ku Febuluwale kumene linali kale, kapena ikani lamulo loti sukulu isalembe mphunzitsi wa timu ina timuyo isanamalize masewero ake. NFL ili ndi malamulo oletsa matimu kulankhula ndi aphunzitsi a anzawo pa nthawi zina. Inu chikukukanikani n'chiyani?

Nkhani ya inshulansi ndiyo ndikufuna muimve bwino, chifukwa njira yake inaoneka kale. Mu Disembala 2024 Travis Hunter, atangolandira Heisman Trophy, mphotho ya wosewera wabwino koposa wa m'makoleji, anasewera Alamo Bowl ku San Antonio limodzi ndi Shedeur Sanders, chifukwa Colorado inawapezera inshulansi yaikulu yoti akavulala asataye tsogolo. Anagonja kwa BYU 36 kwa 14, koma anasewera, ndipo anthu mamiliyoni anaonera. Zimenezi zisakhale za masukulu olemera okha kapena za mphunzitsi wotchuka ngati Deion Sanders, amene anali mphunzitsi wawo ku Colorado. Mgwirizano wa playoff ndi kampani ya kanema ya ESPN ndi wa madola 1.3 biliyoni pachaka. Kuchotsapo kachigawo kochepa kuti aliyense wosewera bowl akhale ndi inshulansi, ndiponso kuti amene wavulala tsiku limenelo achiritsidwe mpaka atachira ngakhale sukulu atamaliza, si chinthu choti chingakugwetseni. Ndiponso alipireni. Kuyambira pa 1 Julayi 2021 osewera akuloledwa kupeza ndalama ndi dzina lawo, ndipo kuyambira mu 2025 sukulu ikhoza kugawira osewera ake ndalama, ndipo m'chaka choyambacho malire ake anali pafupifupi madola 20.5 miliyoni. Chifukwa chobisalira kumbuyo kwa mawu oti ndi ana asukulu chinatha. Kampani imene yalipira kuti dzina lake likhale pa bowl ilipirenso anyamata amene akuchititsa kuti anthu atsegule kanema, opambana alandire zochulukirapo. Makontirakiti a aphunzitsi ambiri ali ndi bonasi ya kufika ku bowl. Amene akugundidwa pabwalo ndiye asakhale nayo?

Inu eni ake a ma bowl, nanunso muli ndi mlandu wanu. Chizolowezi chokakamiza sukulu kugula matikiti zikwizikwi pa mtengo wanu chasaukitsa masukulu ang'onoang'ono. Connecticut itapita ku Fiesta Bowl ya Januwale 2011 inapatsidwa matikiti 17,500, inagulitsa osakwana 3,000, ndipo inabwerako italuza pafupifupi madola 1.8 miliyoni pa masewero aakulu koposa mu mbiri yake. Sukulu ikaona chiwerengero chotere, oyamba kudulidwa pa ulendo ndi a bandi. Musaikenso masewero masana a Lachiwiri, makolo ali kuntchito, kungoti kanema apeze chodzaza nacho maola. Ndikudziwa kuti ESPN ndiyo mwini wa ma bowl ambiri ang'onoang'ono ndipo phindu lake limachokera kwa oonera kunyumba, koma mwana amene akusewera komaliza amayang'ana kumipando kufuna nkhope ya mayi ake. Pa za kuchuluka kwa masewerowa, ndikuvomereza kuti mukafika poitana matimu ogonja kambiri kuposa kupambana ndiye kuti mwapitirira muyeso. Chotsanipo angapo kuti kupambana masewero 6 kukhalenso chinthu chovutikira. Koma pochotsapo musayambire a masukulu ang'onoang'ono, chifukwa amene amawalira kwambiri masewerowa ndi iwowo. Celebration Bowl ya ku Atlanta, imene kuyambira mu 2015 imakumanitsa akatswiri a makoleji a anthu akuda, imakoka anthu zikwizikwi ndi mabandi moti aliyense wokayika apite akaone.

Ndikumva kuti mukukambirana zokulitsanso playoff, ena akuti matimu 16, ena oposa pamenepo. Kulitsani ngati mwagwirizana. Ngakhale mutafika pa 24, masukulu oposa 100 adzakhalabe kunja chaka chilichonse, ndipo yunivesite ya mwana wanga idzakhala m'gulu limenelo pafupifupi zaka zonse. Pamisonkhano yanu pamakhala makomishinala, akuluakulu a masukulu ndi a kanema. Ndikupempha kuti pokambirana za tsogolo la ma bowl muitanepo osewera a chaka chomaliza a ku MAC, Sun Belt, Conference USA ndi Mountain West, aja osapita ku NFL, muwafunse okha ngati akufuna masewerowa athe.

Mwana wanga watsala ndi chaka chimodzi. Wayamba kale kuwerenga ndandanda wa masewero a timu yake, kuika chizindikiro pa amene akuganiza kuti apambana, ndipo nthawi zonse akuthera pa 6 kapena 7. Ine ndapempha kale tchuthi cha mlungu wa Khirisimasi kuntchito, mayi akenso chimodzimodzi.

Ine wanu,
Kholo la woimba lipenga
South Bend, Indiana